Manja Okumba Mbatatesi ndi Ndodo ya Gofu

Lamulungu, 7 Julho 2024

Amve a ku Lifidzi, amve a ku Ulongwe, amvenso a kutsidya kwa malire ngati mphepo ikuwomba bwino. Ine Victorino Inosenti Mbewe wa ku Fonte Boa, wa zaka 71, wokhoza kwarta kalasi (chaka chachinayi cha sikola) popanda kubwereza, woimba besi wakale wa kwaya (sanandichotse, anandipempha kuti ndipumule), katswiri wa gofu woyamba, wachiwiri ndi womaliza wa Angónia yense, lero ndatsegula kaderno uyu, buku langa lolembamo. Ndikufuna mibadwo ikubwerayi idzadziwe mmene munthu wolemekezeka amakankhidwira m'dzenje ndi mwana wobala yekha.

Gilda, mwana wanga womaliza, namwino wa ku Ulongwe, watipeza titangotuluka Misa. Loweruka likubwerali ndi chinkhoswe chake ndi Tiago, mnyamata wogwira ntchito ya ukalaliki ku sekretariya uja. Izo timadziwa kale, mbuzi ili pachingwe. Chatsopano wachinena akuvula nsapato pakhonde, ngati akunena za kuzizira.

"Papa, amalume ake a Tiago, a Emílio a ku Beira aja, amasewera gofu. Yeniyeni. Akubwera ndi thumba lawo lonse."

Ndati abwere nalo, tidzaikamo nyemba.

"Ndinawauza za inu. Akuti zokambirana zikatha mupite nonse ku kampu ya mpira ya ku sikola, akaone dzanja la munthu amene anagonjetsa mzungu ku Lilongwe."

Tiyi wandilowa m'mphuno.

Ndiye wafotokoza. Pa Pasaka atapita ku Tete kukaonekera kwa abale a Tiago, azakhali ena a mnyamatayo anamufunsa pagulu ngati kwathu kumapiri kuno timadya china kupatula mbatatesi, ndiponso ngati bambo ake amadziwa kugwira foloko. Gilda anayankha kuti, "Bambo anga amagwira ndodo ya gofu." A Emílio okha ndi amene anadumpha pampando. Kuyambira tsiku limenelo kumeneko amamutcha mwana wa kampiyau, katswiri wopambana onse, ndipo azakhali aja sanamufunsenso kanthu.

Ponena zimenezi maso ake amawala. Mkazi wanga Bernadete amasankha nyemba pa lichero, sanadzutse n'komwe mutu. Wangoti, "Eee. Kampiyau." Zaka 46 za ukwati, "eee" aliyense wa mayi ameneyu ndimamudziwa. Uyu anali wa pamaliro.

Masiku asanu.

Lolemba, 8 Julho

Kaderno sapita ku chinkhoswe, ndiye ndimuuze zoona.

Nkhondo itatipeza mu 1987 tinathawira ku Malawi. Bernadete ndi ana anatsala ku msasa wa ku Dedza, ine ndinapita ku Lilongwe kukasaka ganyu, n'kupeza ya kunyamula matumba pa bwalo la gofu. Zaka zisanu ndi chimodzi. Kunyamula, kupukuta ndodo, kusaka mpira m'thengo, kunena inde bwana. Kumenya mpira: ngakhale kamodzi. Anzanga onyamula matumba ankaba mpata m'mamawa n'kumamenyako kuseri. Ine ndinalibe mapepala, ndipo munthu wopanda mapepala safuna kuoneka, ngakhale kutsokomola amatsokomolera m'malaya.

Ndodo nambala 7 imene ili pamwamba pa chitsekoyi, mzungu wina wamtima wapachala anaiponya m'bango ataphonya katatu. Ndinakaitola. Mpira ndinautola komweko. Titabwerera mu 1993 ndinazikoleka pa msomali, anthu n'kufunsa. Ndinati ndinkanyamula matumba. Palibe anandisunthira pa benchi. Chaka chotsatira ndinati ndinkamenyako pang'ono. Pamene Gilda ankabadwa, mzungu uja anali atagonja kale, misozi ili mbwe, akundipatsa ndodo yake ndi manja awiri. Mwanayo nkhani imeneyi anaiyamwa pamodzi ndi bere.

Maso anga gofu amaidziwa. Pakamwa pamaidziwa koposa. Manja okha ndi amene sanauzidwe.

Ndiye lero ndapita nawo kuseri kwa khola kukawauza. Mpira ndi umodzi, sindingautaye, choncho ndatapa timbatatesi ting'onoting'ono m'thumba la pakona, tofanana ndi mpirawo. Kagwiridwe ndikukakumbukira bwino: dzanja lamanzere pamwamba, chala chachikulu chitagona pa ndodo, lamanja pansi pake litachiphimba, osafinya, ngati wagwira dzira la eni ake. Miyendo tang'a. Ndakweza ndodo mokongola, nkhuku zonse zaima kuonerera. Ndatsitsa.

Gwa! Chitsulo m'nthaka, chikhato chathunthu kumbuyo kwa mbatatesi. Ululu mpaka m'mano. Mbatatesi yanyamuka pamodzi ndi dothi, yakatera mapazi atatu, yathunthu, yosakalika, ikundiyang'ana.

Kawiri. Kakhumi. Ka 20. Maenje 20.

"Kompadre, mwezi uno mukubzala chiyani?"

A Hilário, purofesoli, mphunzitsi wopuma ntchito, oyandikana nawo nyumba, amene anaimira Gilda pa ubatizo, n'chifukwa timatchulana kompadre. Anali nafe ku Dedza, zonse amazidziwa, ndipo zaka 30 akhala akudikira tsiku la lero atatsamira mpanda womwewo.

Ndati ndikuyesa nthaka.

"Yakhoza?"

Ndawauza za a Emílio. Aseka mpaka kukhala pansi. Kenako ndatchula za azakhali ndi foloko, kuseka kwatha. Ati, "Mwana wanga wa ubatizo ameneyo. Mawa ndibwera ndi telefoni."

Lachiwiri, 9 Julho

Mulungu atiteteze kwa purofesoli wopanda ana oti awaphunzitse.

Abwera ndi telefoni, regwa ya mtengo yolembera mizere ndi choko. M'telefonimo muli kamnyamata ka kabudula woyera, kakuyankhula Chipwitikizi chothamanga ngati kakuthawa apolisi. A Hilário amakaimitsa, n'kumasulira ndi mawu a m'kalasi, n'kulemba pa chitseko cha khola.

Choyamba: chitsulo chikamakhudza mpira, manja akhale atadutsa kale mpirawo, ali pa ntchafu yamanzere. Chachiwiri: dzanja lamanzere, pomangira wotchi paja, pasapindike. Chachitatu: thupi lilemere ku mwendo wamanzere. Chachinayi: osaunyamula mpira. Nkhope ya chitsulo ndi yopendekeka kale, ntchito yokweza ndi yake. Iwe menya chotsika. Mpira poyamba, nthaka pambuyo.

Ndati kompadre, zimenezi ine ndinkauza mabwana kamnyamata aka kasanabadwe.

"Nanga manja anu anali kuti pamene munkawauza?"

Anali atanyamula thumba, ndithu.

Tayesa. M'mutu ndikunena manja patsogolo, manja patsogolo. Ndodo ikutsika bwinobwino, koma ikangotsala pang'ono manja amaima okha, lamanja n'kulowa pansi ngati likutunga madzi ndi chikho, chitsulo n'kuwadutsa. Gwa! Dzenje kumbuyo. Sindikuwatuma ine. Ali ndi boma lawolawo.

A Hilário andimangirira regwa pa mkono wamanzere ndi mphira wa njinga kuti pomangira wotchi pasapindike. Kumenya koyamba, regwa thyo! Ati regwa imeneyo inaphunzitsa ana zaka 28 osathyoka. Ndati ndiye yapuma bwino, yafera pa ntchito.

Madzulo ndati basi, nthaka sindiikhudzanso. Ndamenya chokweza. Chitsulo chapala pamutu pa mbatatesi, yagubuduka pansi ngati khoswe, yakagunda tambala. Tambala wadandaula kwa a Bernadete. A Bernadete atulukira pazenera: "Mukamaliza kumenyana ndi ziweto, nkhuni za chinkhoswe zikudikira."

Purofesoli wandipatsa 4 pa 20. Wachita kulemba pa chitseko.

Lachitatu, 10 Julho

Msana. Mapewa. Matuza awiri. Mbatatesi 40, zonse zamoyo.

Ndaganiza zomanga mkono ndi nsalu, ndidzati ndagwa pa njinga. Kenako ndakumbukira kuti mwana wanga ndi namwino. Adzamasula pamaso pa anthu. Ndinamulipirira ndekha sikola imeneyo, onani zikomo wake.

Ndamuimbira pa telefoni ya kompadre kuti ndimuuze zoona zithe. Ndisanayambe wati, "Papa, ndakugulirani chipewa choyera, chonga cha akatswiri." Ndafunsa za mtengo wa tomato ku Ulongwe, n'kudula.

Lachinayi, 11 Julho

Thumba la pakona lija linali la mbewu. Mbewu ya kudimba, imene a Bernadete anasankha okha imodziimodzi.

Anditulukira kuseri kwa khola chitenje chili m'chiuno ngati akupita ku mlandu. Mawu amene ananena sindilemba, kaderno uyu mwina adzamuwerenga ansembe. Ayamba kutola mbatatesi zawo akundiwerengera machimo kuyambira 1978. Pofika pakati achepetsa mawu. Atembenuza imodzi, atembenuza ina.

"Zonsezi mwazimenya ndi chitsulo?"

Ndati zina kawiri.

"Palibe yotemeka ngakhale imodzi."

Ndati ndine munthu wachifundo.

Sanaseke. Ati tengani khasu, tikakumbe za chinkhoswe, ndodo yanuyo mutengenso. Ine ndimaganiza kuti akukaiponya m'chitsime.

Kudimba ndayamba mzere wanga monga mwa masiku onse. Phando lachitatu ati, "Imani. Bwerezani, pang'onopang'ono." Ndabwereza. Khasu lalowa chikhato chimodzi lisanafike pa phando, lapita pansi pake, manja apinda, dothi latembenuka, mbatatesi zonse poyera, zoyera bwino, zopanda bala.

"Mwaona?"

Ndati ndaona mbatatesi.

"Bambo inu, ndi zomwezo mukuchita kukhola kuja. Simukumenya. Mukukumba. Mukulowa kumbuyo, mukupita pansi, mukunyamula. Manja anu akuopa kuitema."

Ndakhala pa mzere. Zoona zake, bambo anga malemu ankati ukatema mbatatesi imodzi pokumba, khutu lako limadziwa tsiku lomwelo. Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Kuyambira pamenepo, zaka 64, manja awa akaona kanthu kozungulira pansi amakalambalala n'kukanyamula ngati khanda. Anthu amabwera kudzandipempha kuti ndikawakumbire chifukwa cha zimenezi. Luso limodzi lokha limene ndili nalo losanama, ndi limene likufuna kuchititsa manyazi mwana wanga.

Ndati nanga nditani, ndidule manja?

"Kumbani ngati a Hilário."

Apa ndaseka mpaka chifuwa. Kompadre atangopuma ntchito anati naye akhala mlimi. Anakumba mizere iwiri, theka la mbatatesi linatuluka lili mapisi, akazi awo anakazinga sabata yathunthu. Khasu lawo limagwera pa phando penipeni, n'kukalowa m'nthaka kutsogolo.

A Bernadete aika mbatatesi imodzi pa udzu wa m'mbali mwa dimba. Athyola kaudzu kouma, akazika zala zitatu kutsogolo kwake.

"Mbatatesi muisiye, musaiyang'ane. Dulani kaudzuko. Iyo yangoima panjira, zake zimenezo."

Ndati mayi, gofu ili ndi malamulo, anthu amapita ku maiko akunja kukaiphunzira. Ati bweretsani. Alanda ndodo, aigwira ngati mtengo wopunthira nyemba, manja kutsogolo, nsonga ikutsatira m'mbuyo monga amachitira pa mkeka wa nyemba. Sanaikweze n'komwe kwambiri.

Phwa!

Mbatatesi yamwazika. Zina pa chitenje, zina pa mphuno yanga. Kaudzu kulibe. Pamene panali kaudzu pasendeka kachibuma kakatalika ngati lilime la ng'ombe, kuyambira pomwe panali mbatatesi kupita kutsogolo.

Kamodzi. Koyamba. Mayi amene sanaonepo bwalo la gofu, amene zaka 30 wakhala akuyanika matumba pa ndodo imeneyi.

Andibwezera. "Za mbewu tidzakambirana Lolemba."

Ndayesa ka 30. Ziwiri zaphulika. Zina 28 ndazikumba mwaulemu wonse. Ndakwiya ndi manja, ndakwiya ndi bambo anga malemu, ndakwiya ndi mzungu amene anaponya ndodo m'bango m'malo mopita nayo kwawo.

Lachisanu, 12 Julho

Pakhomo padzaza. Achemwali a Bernadete, ana, zidzukulu, aliyense akufuna mpeni umene uli ndi mnzake. Ine ndazembera kudimba ndi zowola ndi zobooledwa ndi mbozi, zimene andiloleza.

Ndazindikira kanthu. Ndikayang'ana kaudzu, thupi limapita lokha ku mwendo wamanzere, chifukwa kaudzuko kali kumeneko. Manja nawo amathamangira komweko, ndiye amadutsa mbatatesi chitsulo chisanafike. Pomangira wotchi sipapindika, palibe nthawi yopindira. Zonse zinayi za pa chitseko cha khola zili mu kaudzu kamodzi. Ndikangoiyang'ana mbatatesi, chifundo chimabwerera.

M'mawa 6 pa 20. Masana 11 pa 20. A Hilário abwera kudzayendera, ndawauza kuti njira yatsopanoyi dzina lake ndi "kukumba kwa Hilário". Afunsa chifukwa. Ndawauza. Apita osatsazika. Abweranso patapita kanthawi ndi mbatatesi zawo zowola m'chipewa, aziika pansi.

11 pa 20. Ndiye kuti mawa mwayi ndi theka ndi kachidutswa. Ndipo mpira weniweni sindinaumenyebe, ndikuopa kuutaya.

Gilda wafika ndi chapa, minibasi ya masana. Chipewa choyera mbee, chandikwana. Wandiveka yekha, wabwerera m'mbuyo kuti andione bwino. Ndati, "Mwana wanga, nanga mawa mpira ukakana kuuluka? Ukalamba, mphepo, zinthu zimachitika."

Wati, "Papa, ine mpira umenewo ndakhala ndikuuona ukuuluka kuyambira ndili pamsana."

Ndati chipewachi chikundifinya pang'ono, n'kutuluka panja.

Loweruka, 13 Julho

Ndilembe zisanazizire.

Zokambirana zayenda bwino, ankhoswe agwirizana, mbuzi yachita mbali yake. Azakhali a foloko aja ndawadziwa asananditchulire: ambulera padzuwa la Julho, ndipo mpando aupukuta asanakhale. Ndadya ndi foloko dala, ndikuwayang'ana.

A Emílio ndi kamunthu kakafupi, kaulemu, imvi mbuu, Chinyanja chawo chosakanikira ndi Chisena. Cha m'ma 3 koloko ati, "Tsopano, akampiyau." Mudzi wonse wanyamuka kupita ku kampu ya sikola. Ngakhale amene sanaitanidwe ku chinkhoswe.

Atsegula kumbuyo kwa galimoto. Thumba lachikopa, ndodo khumi ndi zinayi. Sindikudziwa kuti zachitika bwanji, ndangozindikira lili kale paphewa langa, ndikuyenda mapazi awiri kumbuyo kwawo. Titafika pakati pa kampu ndaliimika, ndasolola nambala 7 yawo, ndaipukuta ndi mpango wanga, ndawapatsa chogwirira chili kwa iwo. Andiyang'ana nthawi yaitali ndithu. Ndati ndi ulemu wa kuno kumapiri.

Amenya mipira itatu. Thwa, thwa, thwa. Yonse yadutsa pamwamba pa baliza, mitengo ya golo, yakagwa pamodzi ngati mazira a nkhuku imodzi. Anthu m'manja. Kenako andipatsa ndodo yawo yonyezimira ndi mpira watsopano. Ndakana. Ndati kampiyau samenya ndi mkondo wobwereka. Zoona zake n'zakuti yangayi ndi yokhayo imene ikudziwa za kudimba.

Ndaika pansi mpira wanga wa 1993, wachikasu ngati dzino. Gilda waima pafupi ndi Tiago, manja pachifuwa. Ndayang'ana mpira. Zaka 31 uli pamwamba pa chitseko changa. Ndauyang'anitsa, ndipo kulakwa kwake n'komweko.

Gwa!

Chibuma chauluka bwino kwambiri. Mpira wadumpha mapazi anayi, wakhala.

Wina watsokomola. Pansi pa ambulera patuluka kakuseka kakang'ono, kokwanira. Gilda sindinamuyang'ane, koma ndaona nsapato zake, chala chikukumba pansi monga ankachitira ali mwana akamakalipiridwa. Ndavula chipewa, ndati, "Kwathu kuno timayamba tapereka moni kwa nthaka." Aseka ochepa. A Hilário aseka mokweza kuposa onse, mowonjeza, Mulungu awadalitse.

Ndiye a Bernadete atuluka pagulu. Chitenje chatsopano, duku la chinkhoswe, akuyenda osafulumira pakati pa kampu ngati akupita kukatenga lichero. Awerama, athyola kaudzu, akazika zala zitatu kutsogolo kwa mpira. Podzuka anena motsitsa, koma osati motsitsa kwenikweni:

"Itemeni. Si mbewu."

Ndayang'ana kaudzu. Kaudzu kokha. Ndakweza, mwendo wamanzere walemera, manja apita.

Thwa.

M'manja simunamveke kanthu, ngati ndamenya mpweya. Ndimaganiza kuti ndaphonya. Ndadzutsa mutu, ndaona kadontho kakukwera, kakukwerabe, kadutsa baliza, kadutsa mitengo ya bulugamu, kakagunda belu la tchalitchi, ngwee! mpaka ansembe atuluka kudzafunsa amene waitana Misa.

Nthungululu. Achemwali a Bernadete avina. Gilda wandikumbatira mpaka chipewa chagwa, akunena kuti, "Ndinawauza, Papa, ndinawauza!" Ambulera yatsekedwa.

A Emílio sanayang'ane kumwamba. Anjuta pansi, akuyeza ndi chala pamene panali mpira ndi pamene payambira bala la m'nthaka. Bala lonse kutsogolo. Atola kachibuma kosendekako, andipatsa m'manja, ayandikira khutu langa.

"Zaka zingati mukunyamula?"

Ndati pepani?

"Ine zisanu ndi zinayi, ndisanagwire ndodo yangayanga. Taonani phewa langa lamanja mmene linatsikira, taonani lanu. Ndiponso palibe kampiyau amapukutira mnzake ndodo."

Ndati zisanu ndi chimodzi. Ndati ndipo uwu ndi mpira wanga woyamba, wachiwiri tikawerengera moni uja.

Atseka maso, mapewa akugwedezeka. Afunsa wandiphunzitsa ndani. Mzungu anali kale pa lilime, wokonzeka, ndi misozi yake. Ndaloza a Bernadete.

Atembenukira ku gulu, akweza dzanja langa m'mwamba ngati la wankhonya. "Manja awa," atero mokweza, akuyang'ana cha kumene kunali ambulera, "ku Beira kulibe." Kenako apita kwa a Bernadete, avula chipewa chawo, awagwira dzanja ndi manja awiri. Mayiwo angoti, "Eee." Ameneyu sindinamumvepo.

Lamulungu, 14 Julho

Mpira sunapezeke. Anthu asaka mpaka dzuwa kupendeka. Ndawauza kuti ausiye.

Titatuluka Misa ndamuperekeza Gilda ku chapa, awiriwiri. Pa mlatho waung'ono paja ndaima, ndamuuza zonse. Matumba, mapepala, bango. Ndati mzungu uja sanagonje, mwana wanga, sanadziwe n'komwe dzina langa.

Maso a Gilda anyowa, ndipo sindinapeze nthabwala ngakhale imodzi m'matumba onse.

"Zaka zonsezi, Papa?"

Ndati zonsezi.

"Ndiye dzulo lija kanali koyamba?"

Ndati kachiwiri, tikawerengera moni.

Wandimenya paphewa, lotsika lija, kumenya kwenikweni. Kenako wapukuta m'maso, wati, "Mzunguyo mumusiye. Azakhali aja ndiye anagonja, ndinaona ndekha." Wandilanda kachibuma kamene ndinakasunga m'thumba la jekete, wakakulunga mu mpango wake, wakwera chapa. Chipewa wandisiyira.

Pobwera ndapeza msomali wa pamwamba pa chitseko uli wokha. Ndodo palibe. Kuseri kwa khola kukumveka phwa, kenako mawu a Hilário akupereka 18 pa 20, kenako a Bernadete akufunsa kuti ziwirizo zapita kuti.

Kaderno, tisanasiyane. Za belu zija. Tchalitchi chili kumbuyo kwa kumene ndinaima, ndipo ansembe dzulo anali ku Lifidzi. Mpira unadutsa baliza, unakagwa mu udzu usanafike pa mitengo ya bulugamu. Belu ndaliikamo ndekha, dzanja linangozolowera.